PROFESA AMENE ANAPHUNZITSA ZA THUPI NDI NJINGA YOSAYENDA

Mumzinda wa Stockholm, m'dziko la Sweden, muli sukulu yapamwamba yophunzitsa aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi. Inakhazikitsidwa m'caka ca 1813 ndi Bambo Per Henrik Ling, ndipo kwa zaka zoposa zana linabuka ndi masewera a pamzere, aja otambasula manja ndi kuwerama onse pamodzi mphunzitsi akapfuula. Masewerawo anafika m'masukulu a ku Britain, ndipo kucokera kumeneko anafalikira kumaiko amene Angerezi anali kulamulira. Owerenga acikulire amene anaima pamzere m'mamawa pabwalo la sukulu ya mishoni adziwa bwino za masewera otere.

Funso limene masewera a pamzere sanali kuyankha linali lakuti: kodi m'kati mwa thupi mucitika ciani munthu akamathamanga, ndipo mphunzitsi angadziwe bwanji kuti wophunzira wace walimba kapena ai? Mmodzi mwa anthu amene anathera moyo wao pa funso limeneli ndi Profesa Per-Olof Åstrand, amene anabadwa m'caka ca 1922. Iwo anaphunzira pansi pa Profesa Erik Hohwü-Christensen wa ku Denmark, ndipo pambuyo pace anakhala profesa pasukulu yomweyo kuyambira 1970 kufikira 1977, asanasamukire ku Karolinska Institute kumene anapumira nchito mu 1988.

Kaphunzitsidwe kao kanatsamira pa mfundo imodzi, yakuti za thupi ziyenera kupimidwa pa thupi lenileni. Motero ophunzira a pasukulupo ndiwo anali kukwera njinga ya m'cipinda copimira, njinga yopanda kumene ipita, yokhala ndi lamba wogwira gudumu kuti kupalasa kuleme monga momwe wopima afunira. Wopalasa anali kupanidwa mphuno, napumira m'paipi yolowa m'thumba lalikulu. Mpweya wa m'thumbamo unali kupimidwa kuti cidziwike kucuruka kwa okosijeni amene thupi latenga pa mphindi imodzi. Munthu wokhala cete atenga ngati gawo limodzi mwa magawo anai a lita pa mphindi, ndipo mtima wace upopa magazi okwana ngati malita 5. Katswiri wa mpikisano wautali akafika pamapeto a mphamvu zace angathe kutenga malita 6 a okosijeni, mtima ukupopa malita oposa 30. Wophunzira amene waona manambala otere akucokera m'cifuwa ca mnzace, kapena m'cifuwa cace comwe, sakhalanso wofuna kuwaloweza pamtima ngati nyimbo. Buku limene Bambo Åstrand analembera digiri yao ya udokotala mu 1952 linacokera m'mapimidwe otere, pa amuna ndi akazi a zaka zoyambira 4 kufikira 33.

Koma kupima kotere kunali ndi mabvuto ace. Kunafuna zipangizo za mtengo wapatali, ndiponso kunafuna kuti munthu apalase kufikira atatheratu mphamvu, cinthu cimene nkhalamba kapena wodwala mtima sangaloledwe kucita. Ophunzira ambiri a pasukulupo anali kupita kukaphunzitsa m'masukulu wamba kumene kulibe matumba a mpweya. Apa ndi pamene panabadwira nchito imene yapangitsa dzina la Åstrand kudziwika m'maiko ambiri.

Mu 1954 iwo pamodzi ndi Mai Irma Ryhming, amene anadzakhala mkazi wao, anafalitsa njira yacidule. Maziko ace ndi akuti kugunda kwa mtima kukwera molingana ndi kulemera kwa nchito imene thupi likugwira. Anthu awiri akapalasa njinga yolemera cimodzimodzi, wolimba thupi mtima wace ugunda pang'ono, cifukwa pakugunda kamodzi utulutsa magazi ambiri. Tsono munthu apalasa kwa mphindi 6 pa liwiro losasintha, osafika potopetsa kwambiri. Wopima awerenga kugunda kwa mtima ca kumapeto, naika rula pa cithunzi ca mizere cimene awiriwa anakonza, ndipo pamene rulayo yadula mzere wapakati pasonyeza okosijeni amene munthuyo angatenge atafika pa mphamvu zace zonse. Kumene kulibe njinga, benchi ikwanira: yotalika masentimita 40 kwa amuna ndi 33 kwa akazi, munthu nakwera ndi kutsika kwa mphindi 5. Mphunzitsi ali yense wokhala ndi benchi, wochi, sikelo ndi zala zogwira mtsempha wa pakhosi angathe kucita zimenezi.

Njirayi siyolondola kotheratu, ndipo eni ace sanabise. Ingathe kuphonya ndi magawo 10 kapena 15 mwa magawo 100, cifukwa mitima ya anthu siifika pa liwiro lofanana, ndiponso mantha kapena kutentha kwa cipinda kufulumizitsa mtima. Mu 1960 Mai Irma Åstrand anawonjezapo manambala okonzera zotsatira molingana ndi zaka za munthu, popeza liwiro lotsiriza la mtima litsika munthu akamakula. Cina cimene mphunzitsi wa masewera aphunzira pa njirayi ndico kudziwa malire a cipangizo cace, kuti asamuuze mwana kuti ndi wofooka kaamba ka kupima kumodzi kokha.

M'caka comweco ca 1960 gulu lao linasonyeza cinthu cimene alimi ndi onyamula katundu anacidziwa kale m'mafupa mwao, koma popanda manambala. Munthu akagwira nchito yolemetsa kwa theka la mphindi napuma theka la mphindi, mobwerezabwereza kwa ola lathunthu, asidi wochedwa lactic acid sacuruka m'magazi mwace ndipo amaliza ali bwino. Nchito yomweyo ikagawidwa m'zigawo za mphindi zitatuzitatu, asidiyo akwera kwambiri ndipo munthu amaliza ali wefuwefu. Ophunzitsa othamanga anatengapo nzeru pamenepa, ndipo okonza nchito za m'mafakitale anatengaponso yao.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ophunzira amene anapimidwa pasukulupo mu 1949 anaitanidwanso patapita zaka 21, ndipo ambiri anabwera kudzakweranso njinga. Mphamvu yao yotenga okosijeni inapezeka itatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ngakhale kuti anali anthu ozolowera masewera. Anapimidwanso kacitatu patapita zaka 33 cipimidwire coyamba. Ndi aphunzitsi owerengeka amene atsatira ophunzira ao kucokera pa unyamata kufikira imvi, ndipo phunziro la ukalamba limene linaturuka pamenepo silikanapezeka m'njira ina.

Ophunzira ao ena anapitiriza nchitoyi kutali. Dr Bengt Saltin anali mmodzi wa akatswiri amene mu 1966 ku Dallas, m'dziko la America, anagoneka anyamata asanu a zaka 20 pabedi kwa masabata atatu. Podzuka, mphamvu yao yotenga okosijeni inali itatsika koposa gawo limodzi mwa magawo anai. Amuna omwewo atapimidwanso mu 1996, cinapezeka kuti zaka 30 za kukula sizinawafooketse monga anacitira masabata atatu aja. Bambo Saltin yemweyo anadzapima othamanga a ku Kenya, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 1995 zinasonyeza kuti iwo saposa kwenikweni anzao a ku Scandinavia pa kutenga okosijeni, koma athamanga mosaononga mphamvu. Wina, Dr Björn Ekblom, anasonyeza mu 1972 kuti munthu akacotsedwa magazi nabwezeredwa patapita masabata, athamanga nthawi yaitali koposa kale. Nzeru imeneyi inagwera m'manja mwa akamberembere a m'mipikisano, ndipo akuluakulu a masewera a Olympic analetsa mcitidwewu pambuyo pa masewera a 1984.

Zimene anali kuphunzitsa, Bambo Åstrand anazisonkhanitsa m'buku lochedwa Textbook of Work Physiology, limene analemba ndi Dr Kaare Rodahl wa ku Norway. Linaturuka mu 1970, linasindikizidwanso mokonzedwa mu 1977, 1986 ndi 2003, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zingapo. Dzina lace linena za nchito, osati masewera okha, cifukwa kwa iwo wogwetsa mitengo m'nkhalango ndi wothamanga pabwalo ali ndi mtima ndi minofu yomvera malamulo amodzimodzi. Analembanso timabuku tosabvuta towerenga anthu wamba, m'mene anatembenuza langizo lozolowereka: anthu auzidwa kuti ayambe aonana ndi dokotala asanayambe masewera, koma iwo anati amene afunika kwambiri kupimidwa ndi uja wasankha kukhala pampando moyo wace wonse.

Profesa Åstrand anamwalira mu January 2015 ali ndi zaka 92, patangopita miyezi yocepa wophunzira wao Bengt Saltin atatsogola.