Cifukwa Cake Madzi Amasefukira mu Kanyama

Caka ciliconse mvula ikalimba, anthu a mu komboni ya Kanyama mumzinda wa Lusaka amayenda m'madzi ofika m'maondo. Ambiri amadandaula za kucepa kwa ngalande, koma mbali ina ya vutoli ili m'miyala ya pansi pa nthaka.

Lusaka inamangidwa pa mizu ya mapiri akale. Zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, zigawo ziwiri zikuluzikulu za dziko lapansi, ca Congo ndi ca Kalahari, zinagundana. Miyala inapindika ndi kung'ambika, ndipo panabuka mapiri amene akatswiri amawacha Zambezi Belt. Mapiriwo anakokoloka pang'onopang'ono, mwakuti lero panatsala cidikha.

Ming'alu ya nthawiyo ikalipo. Zithunzi za masetilaiti ndi mapu osonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo zimaionetsa ngati mizere yaitali. Waukulu koposa ndi wa Mwembeshi, umene umadutsa kumpoto kwa mzindawu.

Kanyama ili pa mwala wa laimu. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu ndi kusungunula mwalawu mpaka kupanga mphako. Popeza malowa ndi athyathyathya ndipo alibe mitsinje yocotsa madzi, mphakozo zikadzaza madzi amatumphukira pamwamba.

Ming'alu yomweyo ndiyo imadzaza zitsime, koma imanyamulanso zonyansa za m'zimbudzi zokumba mosasefa. Pa mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018, Kanyama inali pakati pa makomboni amene anakhudzidwa kwambiri. Ncifukwa cake madzi a m'zitsime zosazama afunika kuwiritsa kapena kuthiramo klorini, ngakhale aoneke oyera.