Makina odulira zitsulo: zimene mmisiri ayenera kudziwa kuti disiko isamuvulaze

M'mizinda ya Tete, Moatize ndi Ulónguè, malo owotcherera zitsulo, amene ambiri amawatcha serralharia, akupezeka pafupifupi m'mbali mwa msewu uliwonse. Kumeneko ndi kumene kumachokera zitseko zachitsulo, mafelemu a mawindo, mageti ndi ngolo. Kuwonjezera pa rebarbadora ya m'manja, amisiri ambiri ali ndi makina odulira zitsulo okhazika pansi kapena patebulo, amene ali ndi disiko yaikulu yotsitsidwa ndi chogwirira. Makinawa amadula varão, mapaipi ndi cantoneira m'kanthawi kochepa, koma akagwiritsidwa ntchito mosasamala amatha kuphulitsa diso, kudula zala kapena kuyatsa nyumba.

Mmene disiko imadulira

Disiko ya makinawa ilibe mano ngati sowo ya matabwa. Imapangidwa ndi timiyala tolimba kwambiri tomatidwa ndi utomoni, ndipo mkati mwake muli ukonde wa ulusi wagalasi woilimbitsa. Imadula popala chitsulo, nayonso n'kumatha pang'onopang'ono.

Pa makina ambiri, disiko imakhala ya mamilimita 355 kukula kwake, kunenepa kwake pafupifupi mamilimita 3, ndipo imazungulira maulendo pafupifupi 3,800 pa mphindi imodzi. Izi zikutanthauza kuti m'mphepete mwake mumathamanga liwiro loposa makilomita 250 pa ola. Ikasweka, zidutswa zake zimauluka ndi liwiro lomwelo. Disiko imapirira ikamakanikizidwa molunjika pansi, koma imasweka msanga ikapindidwa kapena kukankhidwa cha m'mbali.

Kusankha ndi kumanga disiko

Pa disiko iliyonse pamalembedwa liwiro limene siyenera kupitirira. Nambala imeneyi iyenera kufanana kapena kuposa liwiro lolembedwa pa makina. Apa ndi pamene pamachokera ngozi ina yofala: disiko yaikulu ikatha n'kuchepa, ena amaisamutsira pa rebarbadora kuti asataye ndalama. Disiko ya mamilimita 355 inapangidwira liwiro la maulendo pafupifupi 4,300 pa mphindi, pamene rebarbadora yaing'ono imafika 11,000. Bowo la pakati nalonso n'losiyana, choncho disikoyo sikhala bwino ndipo ikhoza kuphulika m'manja.

Madisiko ambiri ali ndi mwezi ndi chaka chothera ntchito, zodindidwa pa kamphete kachitsulo ka pakati. Kawirikawiri nthawiyo imakhala zaka zitatu kuchokera pamene inapangidwa, chifukwa utomoni umafooka ndi nthawi komanso chinyezi. M'nyengo ya dzinja madisiko asungidwe ogoneka, pamalo ouma, osati pansi pa simenti kapena pamene denga likudontha. Disiko yogwa pansi, yong'aluka, yobenthuka kapena imene inanyowa itayidwe, ngakhale ikuoneka yatsopano.

Asanasinthe disiko, mmisiri azule pulagi pakhoma. Apukute mbale ziwiri zopanira disiko, amange bawuti mokwanira koma osapitiriza, kenaka ayatse makina kwa mphindi imodzi osadula kanthu, iye ataima pambali. Makina akamanjenjemera kapena kulira mwachilendo, azimitsidwe nthawi yomweyo. Sowo ya mano yodulira matabwa isamangidwe pa makinawa, ndipo chophimba disiko chisachotsedwe ngakhale chikuoneka ngati chikutchinga.

Kadulidwe koyenera

Chitsulo chodulidwa chipanidwe nthawi zonse ndi chopanira cha makina. Kuchigwira ndi dzanja kapena kuchiponda ndi phazi n'koopsa, chifukwa chikasuntha chimapinda disiko. Ngati chitsulo n'chachitali, mbali yotsalayo iikiridwe chochirikiza chofanana msinkhu ndi makina, kuti chisagwe n'kufinya disiko podula pomaliza.

Chitsulo chafulati chimaduka bwino chikaimikidwa, kuti disiko idutse pamalo popyapyala. Cantoneira imaikidwa mozondotsa ngati denga la nyumba, nsonga yake ili m'mwamba.

Mmisiri adikire disiko ifike pa liwiro lake lonse, kenaka aitsitse pang'onopang'ono. Kukanikiza kwambiri sikufulumizitsa ntchito: kumatenthetsa injini ndipo kumadya disiko. Phokoso la injini likayamba kutsika, ndiye kuti dzanja lalemera. Akamaliza, akweze disiko, azimitse makina, ndipo adikire iime asanatambasule dzanja. Chidutswa chongodulidwa kumene chimatentha kwambiri komanso chimakhala chakuthwa m'mbali. M'mbali mwa disiko si monolera kapena kusalalitsira chitsulo.

Makinawa si odulira matabwa kapena pulasitiki. Aluminiyamu nayo imamata pa disiko wamba n'kuitseka. Mgolo kapena thanki imene munali petulo kapena dizilo isadulidwe, chifukwa mpweya wotsalira mkati umaphulika ukakumana ndi moto.

Zovala ndi malo ogwirira ntchito

Magalasi oteteza maso ndi oyamba, ndipo ndi bwino kuwonjezerapo chophimba nkhope yonse. Magalasi a dzuwa sateteza. Phokoso la makinawa limaposa kwambiri madesibelo 85, mlingo umene makutu amayamba kuwonongeka munthu akamalimva tsiku lonse, ndipo kugontha kotere sikuchira. Choncho zotsekera m'makutu n'zofunika, pamodzi ndi chophimba mphuno chifukwa cha fumbi. Nsapato zikhale zotseka, osati mapatapata. Malaya olendewera ndi zovala za nayiloni, zimene zimasungunuka ndi moto, zipewedwe.

Nthetche za moto zimauluka mamita angapo. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, udzu wouma kapena denga la udzu zimayaka mosavuta. Makina ayang'anitsidwe kukhoma la njerwa kapena ku lata, kutali ndi mabotolo a petulo, penti ndi mabotolo a gasi. Pafupi pakhale chozimitsira moto kapena ndowa ya mchenga. Popeza serralharia zambiri zimagwira ntchito m'mbali mwa msewu, ana ndi odutsa asaime kumene nthetche zikulowera.

Magetsi ndi kasamalidwe

Injini ya mawati pafupifupi 2,200 imakoka maampeya 10 pa magetsi a mavoti 220. Chingwe chowonjezera chopyapyala chimatentha ndipo chimafooketsa injini. Chingwe chikhale chonenepa, chotambasulidwa chonse, chopanda malo omangamanga ndi mapepala apulasitiki, ndipo mawaya asalowetsedwe pakhoma opanda pulagi. Magetsi akazima ntchito ili mkati, kapena Credelec ikatha, makina azimitsidwe ndi kuzulidwa, chifukwa ngati switchi yatsala yokhoma, disiko imadzuka yokha magetsi akabwera.

Tsiku lililonse ntchito ikatha, fumbi la chitsulo lichotsedwe m'mabowo olowera mpweya, chifukwa likadzaza injini imapsa. Timakala tiwiri ta mu injini, timene amisiri amatitcha escovas, tionedwe kawirikawiri ndipo tisinthidwe tonse pamodzi tikafupika. Sipuling'i yokweza chogwirira, chophimba disiko ndi bawuti yoletsa disiko kudula tebulo la makina ziyenera kugwira bwino ntchito. Ulusi wa chopanira upukutidwe ndi kupakidwa mafuta pang'ono.

Ngozi ikachitika

Kachitsulo kakalowa m'diso, munthu asalitikite. Alitsuke ndi madzi oyera, ndipo ngati kakukanirira, asayese kukachotsa ndi kamtengo ka machesi, nsalu kapena maginito. Aphimbe disolo mosakanikiza n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri m'diso pakangopita maola ochepa. Bala lotuluka magazi likanikizidwe ndi nsalu yoyera. Ngati chidutswa cha disiko chabaya n'kukhala m'thupi, chisazulidwe kufikira wovulalayo atafika kwa achipatala, amenenso adzaone ngati akufunika katemera wa kafumbata.

Lamulo la ntchito la dziko la Mozambique, Lei do Trabalho, limapereka udindo kwa olemba anthu ntchito woteteza moyo ndi thanzi la antchito awo, kuphatikizapo kuwapatsa zovala zodzitetezera. M'malo ang'onoang'ono, amene amadula zitsulo tsiku lonse kawirikawiri ndi anyamata ophunzira ntchito. Mestre wa serralharia ndiye ayenera kuwaonetsa kamangidwe ka disiko ndi kaimidwe koyenera asanawasiye okha pa makina. Mtengo wa magalasi ndi disiko yatsopano ndi wochepa poyerekeza ndi miyezi imene mmisiri wovulala amakhala pakhomo osapeza ndalama.