Pa basi wekha kuchoka m'minda ya fodya kukaona Nkhotakota wakale

Ku Kasungu munthu akanyamula chikwama m'mamawa n'kulunjika kudepoti, anansi amamufunsa funso limodzi: "Kwagwanji?" Ulendo wa pa basi kuno umakhala wa maliro, wa kuchipatala, wa ukwati, wa geni, kapena wotsatira mabelo a fodya ku okushoni ya Chinkhoma. Akayankha kuti akungopita kukaona malo, yekhanso, anthu amayang'anizana. Komatu makilomita pafupifupi 130 kum'mawa kwa tauniyi kuli Nkhotakota, umodzi mwa midzi yakale ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ndipo mbiri yake inalukana ndi ya Kasungu kotero kuti munthu wa kwa Mwase amene sanafikeko amangodziwa theka la mbiri ya kwawo.

Kumaiko ena ulendo wotere suchititsa chidwi. M'dziko la Czech anthu amakwera basi ku Prague n'kuyenda maola pafupifupi atatu kukaona tauni yakale ya Český Krumlov, yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1992. Ambiri amapita okha, chikwama kumsana. Ku Nkhotakota kulibe nyumba zachifumu zamiyala ngati kumeneko, koma mu 2011 dziko la Malawi linapereka ku UNESCO malo a njira za akapolo ndi za Dr David Livingstone kuti awaganizire, ndipo Nkhotakota ndi amodzi mwa malowo.

Msewu wake ndi M18. Mabasi akuluakulu ambiri amatsata M1 ya pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, choncho wopita kunyanja amadalira minibasi, ma Sienta, pena matola. Galimoto zimenezi sizinyamuka ndi wotchi, zimanyamuka zikadzaza. Wodziwa kuyenda amalawira, ndipo oitanira akamamukoka ndi "Tiyeni, atsala awiri basi!" iye amayamba wasuzumira m'kati kuti aone ngati okhala m'menemo ali ndi katundu wa ulendo. Mtengo amafunsa kwa mnzake wapampando asanapereke ndalama kwa kondakitala. Chofunikanso n'kudziwiratu ngati galimotoyo ikafike ku Nkhotakota kwenikweni, chifukwa anthu akachepa panjira madalaivala amakonda "kugulitsa" otsalawo ku galimoto ina, ndipo woyenda yekha alibe womuyang'anira chikwama pamene akusamuka.

Chigawo choyamba cha ulendo ndi Kasungu amene aliyense amamudziwa: chigwa chotambalala, zigafa zoyanikamo fodya wa bale, mabani a njerwa oumitsiramo fodya ndi moto, tinyumba ta matenanti m'mphepete mwa maesiteti, ndi ngolo zonyamula nkhuni. Pa Mtunthama pali sukulu ya Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere umene Dr Hastings Kamuzu Banda anayambira kuphunzira ali mwana. Kutsogolo kuli Malomo, m'boma la Ntchisi, pomwe galimoto imaima n'kuzingidwa ndi ogulitsa mandasi, mtedza ndi chimanga chootcha.

Kenako dziko limasintha. Minda imatha, msewu umalowa m'nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve n'kuyamba kukhotakhota potsika. Kasungu ali pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470, ndipo munthu amaumva kusiyana kumeneku pathupi: juzi imene anavala kudepoti imayamba kumulemera. Nkhalangoyi ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Njovu zake zinatsala pang'ono kutha ndi opha nyama mozemba, mpaka bungwe la African Parks litayamba kuiyang'anira mu 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Anyani ndi apusi amaoneka pamsewu pomwe. Njovu ndi mwayi. Pano sipotsika m'galimoto mwachisawawa, ndipo galimoto ikaima ndi bwino kutseka mawindo, pakuti m'nkhalangomu muli ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Mtsinje wa Bua, umene anthu a ku Kasungu amauwoloka popita ku Lilongwe, umadutsa m'nkhalango yomweyi, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje imene nsomba ya mpasa imakwera kukaswana.

Munthu wokhala pawindo ayenera kudziwa kuti akutsata njira yakale. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina wamalonda, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota n'kudziwika ndi dzina laudindo loti Jumbe. Iye ndi a Jumbe amene anamutsatira anasandutsa dooko la kumeneko msika wa minyanga ndi wa anthu. Minyanga yambiri inkachokera kumtunda, ku dziko la Mwase Kasungu ndi kupitirira mpaka ku chigwa cha Luangwa, ndipo nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkakwera njira yomweyo. Anthu ogwidwa ankatsika zitunda zimenezi wapansi, goli lili m'khosi. Akafika kunyanja ankawalonga m'zombo zamatanga kuwolokera tsidya la kum'mawa, kumene ankayambanso ulendo wa miyezi wopita ku Kilwa, kugombe la nyanja ya Indian. Anali anthu masauzande chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa iwo ankalankhula chinenero chomwe okwera minibasi akuchezerana lero.

Livingstone anafika pa Nkhotakota mu 1863 n'kupeza chombo chatsopano chikukhomedwa. Atachoka pamenepo anakwera chakumadzulo wapansi mpaka kwa Mwase, ulendo womwewu koma mobwerera. Malondawo sanathe ndi mawu ake. Mngerezi Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1890 Angerezi anachotsa Jumbe wotsiriza n'kumutumiza ku Zanzibar. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Angerezi anachoka ku Nkhotakota kukathira nkhondo Mwase Kasungu Chibisa, ndipo atamugonjetsa anamanga linga la Fort Alston ku Kasungu. Ulamuliro wa atsamunda unafika ku Kasungu kudzera kunyanja.

Tauniyo payokha siidzionetsa msanga. Galimoto imatsitsa anthu pafupi ndi msewu wa M5, pakati pa masitolo, msika ndi a kabaza, ndipo pamenepa palibe chosiyana ndi boma lina lililonse. Nkhotakota wakale ali kumunsi, cha kunyanja. Pa mishoni ya Anglican, pomwe palinso chipatala cha St Anne's, pali mkuyu waukulu umene anthu amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa. Mishoniyi inayamba mu 1894, ndipo m'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu September 1895 atangodzozedwa kumene. Sitima yakale ya Chauncy Maples inatchedwa dzina lake. Kupitirira apo ndi ku Linga, kumudzi kwa Asilamu kumene a Jumbe ankakhala, kuli mzikiti wakale, tinjira tothina, mitengo ya mango ndi ya kokonati. Mpunga wa faya umene umanunkhira m'misika ya kuno unabwera ndi Aswahili omwewo. Ndi chinthu chovuta kuchimeza, kuti amene anabweretsa goli anabweretsanso chakudya chimene boma lonse limanyadira, koma mbiri ya malo ano ndi yotero ndipo siyenera kuphimbidwa mbali imodzi.

Pali mbiri inanso yaposachedwa. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress Party chinachitira kuno msonkhano wake waukulu, dzina la malowa likadalembedwa kuti Kota Kota. Pamsonkhanowo Dr Banda anaonetsa anthu atsogoleri amene anali atangotulutsidwa m'ndende, monga Henry Masauko Chipembere ndi a Chisiza awiri, Dunduzu ndi Yatuta, ndipo iye anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipanicho wa muyaya.

Zikwangwani zofotokoza zonsezi n'zochepa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti malo a mbiri yolemera chotere sasamalidwa mokwanira. Apa m'pamene kuyenda wekha kumapindulitsa. Anthu akabwera gulu amacheza okhaokha, amajambula zithunzi n'kubwerera m'basi. Wobwera yekha amakakamizika kupereka moni. "Zikomo bambo, ndine mlendo, ndachokera ku Kasungu," ndi mawu okwanira kuti mkulu wokhala pakhonde amulozere njira, mwinanso amupatse mpando n'kumusimbira zimene anamva kwa agogo ake. Ku Linga mlendo avale modzilemekeza, apemphe kwa a shehe kapena akuluakulu asanalowe mumzikiti, ndipo asajambule munthu asanamufunse.

Wotsala ndi nthawi angakwere kabaza kupita ku akasupe a madzi otentha a Mawira, kapena minibasi ya ku Salima kukatsika pa Chia, pomwe asodzi amagulitsa nsomba pambali pa mlatho. Chakudya cha masana chikhale cha kunoko: kondowole ndi chambo kapena kampango, mwina mpunga ndi usipa. Posamba m'nyanja apewe malo a bango ndi madzi odikha, chifukwa ndi m'mene mumakhala nkhono za likodzo.

Kupita ndi kubwerera tsiku lomwelo n'kudzimana, ndiponso kudutsa m'nkhalango ija usiku sikwabwino, makamaka kwa mayi woyenda yekha. Malo ogona otsika mtengo alipo m'tauni. Mlendo afike kukadali kowala, auze m'bale mmodzi kumene wagona, foni ikhale ndi moto, ndipo ndalama zina azisunge mu Airtel Money kapena Mpamba m'malo mozinyamula zonse m'thumba. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha koma kutentha kwa October kusanafike, nthawi yomweyo imene ndalama ya fodya imalowa m'makomo a ku Kasungu. Mukamagawa ya feteleza ndi ya fizi chaka chino, patulaniponso ya basi ndi ya kugona usiku umodzi, mukaione Linga ndi maso anu.