Mwaye wa pa Pisitoni: Nkhani ya Injini za Asodzi

 Nkhani yathu lero ndi ya injini ija mumamangirira kumbuyo kwa boti. Koma inu akumtunda musatseke wayilesi, pakuti njinga zamoto za Yamaha DT, zimene alangizi a zaulimi ayendera m'midzi kwa zaka zambiri, zili ndi injini ya mtundu womwewo.

Injini zimenezi amazitcha two-stroke, chifukwa pisitoni ikakwera kamodzi ndi kutsika kamodzi, moto waphulika kale. Ya galimoto imafuna maulendo anayi kuti ichite chimodzimodzi. Injini yotere ilibe nkhokwe ya oyilo kunsi kwake. Oyilo amalowa pamodzi ndi petulo, nadzoza zitsulo zonse zoyenda, kenaka n'kupsera limodzi m'silinda. Tsono chilichonse chopsa chimasiya chizindikiro, ndipo pano chimatsala pamutu pa pisitoni ndi kunsonga kwa pulagi.

Amene anazama kwambiri pa luso lowerenga zizindikirozi ndi amakaniko a mipikisano ya njinga zamoto. Mu 1975 Giacomo Agostini wa ku Italy anakhala woyamba kupambana mpikisano waukulu wa dziko lonse wa 500cc pa injini ya two-stroke, ndipo injini zotere zinalamula gulu limenelo mpaka 2001. Kork Ballington, wa kuno kummwera kwa Africa, anapambana magulu awiri, la 250cc ndi la 350cc, mu 1978 ndi 1979 pa njinga za Kawasaki. Njinga ikangoima poyeserera, makaniko ankathamangira kumasula pulagi isanazizire n'komwe, kuti aone ngati petulo akulowa wochuluka kapena wochepa poyerekeza ndi mpweya. Iwo ankachepetsa petulo dala mpaka m'mphepete mwenimweni mwa ngozi, popeza mphamvu zambiri zili kumeneko. Injini ikafa, ankataya mpikisano. Msodzi wa chilimira injini ikamufera pakati pa usiku, mwera utayamba, m'botimo muli alovi ake ndi ukonde wogula pa ngongole. Luso lowerenga tibwereke kwa othamangitsa njingawo, koma kusewera kwao m'mphepete mwa ngozi tiwasiyire.

Tiyambe ndi pulagi, chifukwa kuimasula kumangofuna sipanala imodzi. Musaiweruze injini itangolira pang'onopang'ono padooko, pakuti pamenepo pulagi iliyonse imada. Tulukani masana, pafupi ndi gombe, boti litasenza katundu wake wa masiku onse. Thamangani mwamphamvu mphindi zingapo, zimitsani injini mwadzidzidzi, ndipo masulani. Ngati kadothi koyera ka kunsonga kasanduka kofiirira ngati tiyi wothira mkaka, injini ikudya moyenera. Ngati pali mwaye wakuda wouma, petulo wachuluka: mwina choki sinabwerere bwino, mwina jeti, kaboo kaja kotulukira petulo m'kabuleta, yakula. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, oyilo wapitirira muyeso kapena moto wa pulagi wafooka. Zonsezi zimatha petulo ndi kutopetsa dzanja pokoka chingwe, koma sizipha injini tsiku limodzi. Pulagi yoopsa ndi yoyera mbee, makamaka ikakhala ndi timadontho tonyezimira. Timadonthoto ndi pisitoni yanu imene yayamba kusungunuka.

Apa mpomwe ambiri amanyengeka. Injini imene ikulandira petulo wochepa imalira mokoma, utsi umachepa, chigubu chimakhalitsa, ndipo mwini wake amayamikira makaniko amene anamuikira jeti yaing'ono. Koma petulo sangoyaka chabe, amaziziritsanso pisitoni polowa. Moto wa m'silinda umapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu wopangira pisitoni amasungunuka pa madigiri 660 okha. Chimene chimapulumutsa pisitoni ndi chakuti motowo umakhala kanthawi kochepa, ndipo nthunzi yozizira ya petulo imatsatira msanga. Petulo akachepa kutentha kumakwera, ndipo mafuta otsalira m'mphepete amaphulika okha mwachiwawa m'malo moyaka mwadongosolo. Khutu lozolowera limamva kulira ngati timiyala m'chitini. Mukamva zimenezo, bwezani mphamvu nthawi yomweyo.

Pisitoni imanena zambiri koposa pulagi, chifukwa imasunga mbiri ya miyezi yathunthu. Mutha kusuzumira ndi tochi pa boo la pulagi, koma chabwino n'kuchotsa chivundikiro cha silinda nyengo ya mwera, pamene masiku ena nyanja silola kutuluka. Pisitoni yathanzi imakhala ndi mwaye wofiirira, woonda ndi wouma pakati, ndi timalo toyera m'mbali, moyang'anana ndi makomo olowera mafuta, pamene petulo watsopano amatsuka polowa. Othamangitsa njinga amayeza kukula kwa timaloti: tikakula kufikira pakati, petulo wachuluka; tikasoweratu, mutu wonse n'kuuma ndi kutuwa ngati phulusa, petulo wachepa. M'mphepete mukakumbika ngati mwadyedwa ndi chiswe, makamaka mbali yotulukira utsi, ndiye kuphulika kwachiwawa kuja. Boo pakati pa pisitoni limasonyeza kuti china chake chinafiira n'kuyatsa mafuta nthawi isanakwane. Kawirikawiri ndi pulagi yosayenera kapena chikhokho cha mwaye. Pa mapulagi a NGK, nambala yaing'ono ndiyo yotentha kwambiri, choncho musalole wogulitsa akupatseni iliyonse poti yalowa m'boo. Ndipo pa injini ya masilinda awiri, pisitoni imodzi ikayera ngati yatsopano inzake ili ndi mwaye, musasangalale: madzi akulowa, ndipo nthunzi yake ndiyo yatsuka.

Mwaye wokhuthala wonga phula umatsikira m'timizere ta malingi n'kuwamata. Malingi omatika satseka bwino, mphamvu imathawa, ndipo pisitoni imasowa njira yopatsira kutentha kwake ku khoma la silinda. Popala mwayewo gwiritsani ntchito kamtengo kolimba, osati mpeni. Jeti yotsekeka itsukeni ndi petulo ndi kuiuzira. Waya amaikuza, ndipo siidzabwereranso.

Za oyilo, tiwerengere pamodzi. Injini zambiri za maboti zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo: ndiye mamililita 20 pa lita, 400 pa chigubu cha malita 20, ndi theka la lita pa malita 25. Injini yatsopano kapena yongokonzedwa kumene amaiwirikizira kawiri pa maola oyamba. Buku la injini yanu ndilo lili ndi mawu otsiriza. Kuyeza ndi maso, usiku, pa kuwala kwa nyali za kauni, ndiko kwapha injini zambiri. Pezani kabotolo kamodzi, kalembeni mzere, kakhale ka ntchito imeneyo basi. Oyilo wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa, ndipo amasiya phulusa louma; funani wolembedwa TC-W3, wopangidwira injini zoziziritsidwa ndi madzi. Kuchepetsa oyilo kumakalika pisitoni m'mbali mpaka kugwira. Koma ena amathira kawiri muyeso poganiza kuti akuikonda injini. Amenewa aiwala kuti oyilo ndi petulo amadzera pa jeti imodzi, kotero oyilo akachuluka petulo wodutsa amachepa, mwaye n'kuwonjezeka.

Petulo wathu nayenso ali ndi khalidwe lake. Kuyambira 1982 Malaŵi wakhala akusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatsekedwa bwino pagombe chimamwa madzi, ndipo akachuluka, madzi ndi ethanol zimatsikira pansi, pamene paipi imayamwira, oyilo atatsalira pamwamba ndi petulo. Injini imayamba kumwa chakumwa chopanda oyilo. Sakanizani mafuta oti muthe m'masiku ochepa, sefani pothira, ndipo wogula m'zigubu za m'mbali mwa msewu mumuthire kaye m'botolo loonekera kuti muone ngati pansi pali mzere wa madzi.

Kwa a njinga zamoto pali nkhani ya mpweya. Nyanja yathu ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Dedza ali pa mamita oposa 1,500. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, choncho njinga yochunidwa kumeneko imafuna petulo wochepa. Ikatsika ku Khwekhwerere, kudzera Golomoti, kubwera ku Makokola, imapeza mpweya wolemera, jeti ili yomweyo, ndipo kusakaniza kumapendekera kumbali yoopsa ija. Kutentha kwa Okotobala kumachepetsako kusiyanaku, koma m'mawa wa Juni ayi. Mukafika, masulani pulagi muone.

Tisanamizire petulo zonse. Mpweya wolowera pa gasiketi yong'ambika kapena paipi yosweka umachepetsa petulo ngakhale jeti ili bwino. Pulopela yaikulu mopitirira pa boti lolemera imalemetsa injini mpaka kutentha. Mchenga wa padooko umadya kapampu ka madzi, ndipo pepala la pulasitiki limatseka polowera pake. Choncho wogwira injini azicheuka kawirikawiri kuona ngati kamadzi kaja kakutuluka kumbuyo. Makaniko wanzeru amayamba wafufuza zimenezi asanakhudze kabuleta. Akasintha jeti, amasintha ndi sitepe imodzi yokha, nayesa, nayang'ananso pulagi, ndipo akakaika amatsalira kumbali ya petulo wochulukirapo. Ngati kwanuko makaniko wotere akusowa, kafunseni kwa alangizi a zausodzi kapena kusukulu ya zausodzi ku Mpwepwe.

Madzulo ano musanakankhe boti, ikani m'kachitini kouma mapulagi awiri a nambala yoyenera, sipanala yake ndi chingwe china chokokera. Nkhafi nazo zisatsale kumtunda.