Mudzi Umene Unakana Munda wa Magetsi

M'chigawo cha Kent, kumwera chakum'maŵa kwa England, muli mudzi wa Graveney, kufupi ndi tauni ya Faversham. Dziko lake ndi lachidikha, la m'mphepete mwa nyanja, kumene alimi ankalima tirigu ndipo mbalame zochokera kumaiko ozizira zimadzakhalako m'nyengo yachisanu. Pamalo ameneŵa, otchedwa Cleve Hill, panaganizidwa zoyala magalasi okola mphamvu ya dzuŵa pa maekala pafupifupi 900.

Eni mudzi anakana kwamtuwagalu. Anadandaula za minda ndi mbalamezo, ndiponso za malole odzadutsa pa kamsewu kopapatiza ka pafupi ndi sukulu ya ana awo. Koma chimene chinawasoŵetsa tulo kwambiri ndi mabatire akuluakulu osungira magetsi, pakuti moto wa mabatire otere ndi wovuta kuuzima, ndipo utsi wake ndi wapoizoni.

Nanga anagonja bwanji, madandaulo awo ali omveka chotere? Yankho lili m'malamulo. Pa nthaŵiyo, ntchito yopitirira mamegawati 50 sinkagamulidwa ndi khonsolo ya m'deralo, koma ndi nduna ya boma ku London, imene inkaika patsogolo zosoŵa za dziko lonse. Motero m'mwezi wa May 2020, nduna Alok Sharma inavomereza ntchitoyi.

M'chaka cha 2024 khonsolo ya Swale inakana ndondomeko ya chitetezo cha mabatirewo, koma eni ntchito atachita apilo, chigamulo cha khonsoloyo chinathetsedwa chaka chomwecho. Magetsi a ku Cleve Hill anayamba kutuluka mu 2025.