Musanagulitse mbuzi, funsani kumene tikiti imachokera

Mwana wa mchemwali wanga anafika kwathu ku Mandava, muno mu Zimbabwe, madzulo ena foni ili m'manja, nkhope ikuwala. Anandionetsa chithunzi chimene chikuzungulira pa WhatsApp: anyamata ndi atsikana ovala malaya oyera ndi mataye, kumbuyo kwawo kuli ndege, pansi alembapo kuti pakatha masabata 6 munthu amatuluka ali dispatcher. "Malume, ntchito yanga ndi imeneyi," anatero. Amayi ake n'kuti atalonjeza kale ndalama za chipereganyu za mwezi umenewo, ndipo ankaganiza zogulitsa mbuzi ziwiri kuti fizi ikwane.

Sindinamutsutse, chifukwa ntchitoyo ndi yeniyeni ndiponso yolemekezeka. Ndinangomufunsa kuti dispatcher amatani. Anati amatsogolera ndege ndi timitengo towala ikamaima. Apo m'pamene ndinadziwa kuti tikhala pansi nthawi yaitali.

Ife amene agogo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzakumba asibesitosi ku Shabanie, ntchito imeneyi tingaimve msanga tikakumbukira bambo uja woima pakamwa pa shafuti, amene pamgodi amamutcha banksman. Iye satsika pansi. Zovala zake sizichita fumbi ngati za anzake. Koma kheji yotsitsa ndi kukweza anthu sisuntha iye asanalize belu. Amawerenga anthu olowa, ndipo akakwana amatseka chitseko ngakhale wotsala panjayo akhale mlamu wake. Amadziwa kuti anthu ndi zophulitsira miyala sizikwera limodzi. Woyendetsa makina okoka chingwe saona n'komwe amene ali m'khejimo, amangokhulupirira beluyo.

Dispatcher ndiye banksman wa ndege. Amakhala mu ofesi, makompyuta ali patsogolo, ndipo woyendetsa ndege asanakwere n'komwe iye amakhala atakonza ulendo wonse. Amawerenga malipoti a nyengo, monga METAR yonena mmene kunja kulili panopa ndi TAF yolosera za maola akubwerawo. Amaona zidziwitso za NOTAM, zimene zimanena ngati msewu wina wa pabwalo watsekedwa kapena chida china chawonongeka. Kenako amasankha njira, n'kuwerengera mafuta okafikira kumene akupita, ena okafikira bwalo lina ngati loyambalo lakanika, ndi enanso apadera osayenera kukhudzidwa. Ndege ikanyamuka iye sapita kukamwa tiyi, amaitsatira mpaka itatera.

Taganizirani bwalo la Robert Gabriel Mugabe ku Harare. Lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo mpweya umapepuka, moti injini ndi mapiko sizigwira monga zimachitira kunyanja. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene msewu wake ulili wautali mamita 4,725. Tsiku lotero, wina ayenera kuwerengera kuti ndege inyamule katundu wochuluka bwanji, ndipo nthawi zina ayenera kunena kuti katundu wina atsale.

Tauni yathu ndi yokonda mpira, choncho ambiri mukukumbukira za pa 28 Novembala 2016, pamene ndege ya LaMia yonyamula timu ya Chapecoense ya ku Brazil inagwa pafupi ndi Medellín ku Colombia. Mwa anthu 77, anafa 71. Mafuta anatha m'mwamba. Pepala la ulendowo linkaonetsa kuti nthawi imene mafuta akanatha inali yofanana ndendende ndi nthawi ya ulendo, popanda otsala. Nditamuuza zimenezi mnyamata uja anakhala chete, foni n'kuiika pathebulo.

Tsono tibwere ku sukulu. Aliyense amene anakulira ku Maglas kapena ku Kandodo m'tauni yathu ino amadziwa za tikiti yophulitsira miyala. Munthu angaphunzire ku Zimbabwe School of Mines ku Bulawayo, angagwire ntchito zaka pansi pa kapitawo waluso, koma tikiti imachokera kwa ma inspekitala a boma oona za migodi, atamuyesa okha. Wina atabwera ndi pepala lokongola la m'felemu n'kunena kuti analipeza pa kosi ya masabata angapo, palibe mgodi umene ungamupatse zophulitsira, kaya ku Mimosa kaya ku Murowa.

Za ndege zilinso chimodzimodzi. Sukulu imapereka setifiketi, koma amene amayang'anira ziphaso ndi kuvomereza masukulu muno mu Zimbabwe ndi Civil Aviation Authority of Zimbabwe, imene anthu amangoti CAAZ. Sukulu yovomerezeka imatchedwa Approved Training Organisation, ndipo imakhala ndi chikalata chosonyeza maphunziro amene yaloledwa kuphunzitsa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka kuphunzitsa ogwira ntchito m'kati mwa ndege kapena oyendetsa ndege zazing'ono, koma za dispatcher osaloledwa. Choncho musakhutire ndi mawu akuti "ndife olembetsedwa". Shopu ya zovala nayonso ndi yolembetsedwa. Pemphani kuona chikalatacho, muone tsiku lake lothera, muone ngati kosiyo yalembedwamo, kenako mufunse a CAAZ eni ake. Safunsa anadya phula.

Malamulowa sanayambire ku Harare. Bungwe la ICAO, limene linabadwa ndi pangano la ku Chicago la 1944 ndipo likulu lake lili ku Montreal, linaika muyezo umene maiko amatsatira. Pa chiphaso cha dispatcher, muyezowo umati munthu akhale wa zaka zosachepera 21, ndipo akhale atagwira ntchito moyang'aniridwa ndi dispatcher wodziwa kwa masiku 90 m'miyezi 6 yomaliza asanapemphe chiphaso. Masiku 90 amenewa ndi ofanana ndi mashifiti amene munthu amayamba watsika pansi asanakayesedwe tikiti. Sukulu yabwino imakuuzani poyera kuti ophunzira ake amakachitira kuti masiku amenewa, ku kampani iti ya ndege. Yoipa imasintha nkhani n'kuyamba kukamba za yunifolomu.

Ndinamuthandiza mnyamata uja kuimba foni ku sukulu ya pachithunzi ija. Anatiyankha mwaulemu kwambiri pa za fizi ndi njira yotumizira ndalama. Titafunsa nambala ya chikalata chawo anati bwana watuluka. Titafunsa kuti aphunzitsi awo anagwirapo ntchitoyi kuti, foni inaduka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masukulu akunja alipo odziwika, monga East African School of Aviation ku Nairobi ndi sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa. Ku America, bungwe la FAA limafuna maola 200 a maphunziro, mayeso olemba ndi apakamwa, ndipo chiphaso amapereka kwa wa zaka 23. Kumeneko kosi ya masabata 5 kapena 6 ndi yoona, n'chifukwa chake kufupika kokha sikutanthauza chinyengo. Koma chiphaso cha dziko lina sichingoyamba kugwira ntchito pano chokha, ndiye funsani kaye a CAAZ mmene amachisinthira musanalipire ulendo.

Chinthu china chimene makolo ayenera kumva n'chakuti makampani a ndege kuno ndi ochepa. Air Zimbabwe, fastjet, Malawi Airlines ya kwawo kwa agogo athu, ndi ena ang'onoang'ono onyamula alendo okaona nyama. Mipata situluka mwezi ndi mwezi, ntchito yake ndi ya usiku ndi usana, ndipo imafuna masamu ndi Chingerezi chomveka bwino. Amene akukulonjezani ntchito musanayambe n'komwe kalasi, muchenjere naye.

Mwana wa mchemwali wanga ali ndi zaka 19. Wabwerezanso masamu chaka chino, ndipo walembera kalata a CAAZ kupempha mayina a masukulu amene anawavomereza. Mbuzi zija zidakali m'khola. Inu amayi ndi abambo a ku Makwasha, ku Mandava ndi ku Maglas, mwana akabwera ndi chithunzi cha ndege pafoni musamugwetse ulesi, koma muuzeni abweretse nambala ya chikalata cha sukuluyo musanatulutse dola ngakhale imodzi.