Mtengo Usamakoma Pokwera Pokha

Munthu akaima ku Malingunde, m'dera la Mfumu Yaikulu Masumbankhunda, amaona mapiri a Dzalanyama atandandalika kutali ngati mpanda. Dzina lokhalo likunena za kale, pamene kunali kodzala nyama. Boma lidaika nkhalangoyi m'manja mwake mu 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, kukhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji mpaka kumalire a Mozambique.

Mlenje wa masiku amenewo ankadziŵa uta ndi mkondo, koma ankadziŵanso kukwera. Ankamanga kansanja pa nthambi, pafupi ndi pomwera nyama kapena m'mphepete mwa munda woonongedwa ndi nguluŵe, nkudikira pamenepo usiku. Mtengo unali pobisalira pake, unalinso pothaŵira pake. Ndicho chifukwa chake akuluakulu adati ukatchula mkango kwera mumtengo. Ulenje wotere udatha. Kusaka nyama popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la nyama zakuthengo la 1992, limene zilango zake zidawonjezeredwa mu 2017. Koma luso lokwera silidathe ayi. Lidatsalira m'manja mwa ofula njuchi, amene kuyambira ku Malingunde kudzera ku Mitundu mpaka ku Nathenje amapachika ming'oma yawo m'mwamba.

Mng'oma umapachikidwa patali pa zifukwa zomveka. Pansi pali chiuli, kanyama kolimba mtima kamene kamaswa mng'oma usiku umodzi; pali linthumbu, pali moto wa tchire, palinso munthu wa manja aatali. Tsono amene afuna uchi ayenera kukwera, ndipo akakwere kangapo pa chaka: popachika, poyendera, ndi pofula, makamaka chakumapeto kwa chaka mitengo ya mombo ndi tsamba itatha kuchita maluŵa, ndiponso m'nyengo yozizira mchenga utachita maluŵa ake.

Nanga munthu wopanda chokwerera amachita chiyani akapeza njuchi m'phanga la mtengo wautali? Amatenga nkhwangwa. Mtengo umene udatenga zaka zambirimbiri kuti ukule umagwa m'kamphindi chifukwa cha uchi wosadzaza ndowa. Njuchi zimabalalika, ana ake amafa, ndipo chaka chamaŵa pamalopo sipadzakhala uchi kapena mthunzi. Ena amachita chimodzimodzi pofuna matondo ndi mphalabungu. Kutayika kotere nkwakukulu ku Dzalanyama kuposa kwina, pakuti mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewo, ndipo madzi ake amasungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde komweko, loyamba la mu 1966 ndi lachiŵiri la mu 1989, asanakamwedwe mumzinda. Kudula mitengo, makamaka kootcha makala, kudafika poti mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalondera nkhalangoyi. Motero mlongoti wokwerera, ngakhale uoneke wopanda pake, umasunga zinthu ziŵiri: moyo wa wokwera ndi moyo wa mtengo.

Vuto lokwera mitengo si la kuno kokha. Ku America alenje a nswala za kumeneko amadikira nyama ali m'mwamba monga ankachitira makolo a ku Dzalanyama. Iwo amanyamula timakwerero tatifupi ta chitsulo chopepuka, tatatu kapena tinayi, kalikonse kokhala ndi popondera paŵiri kapena patatu. Amamangirira koyamba ku thunthu ndi lamba, nkukwera, nkumangirira kachiŵiri pamwamba pake, mpaka atafika mamita 5 kapena 6. Madokotala a kumeneko adapeza kuti alenje ambiri ovulala koopsa savulazidwa ndi mfuti koma amagwa mumtengo, ndipo ambiri amagwa pokwera kapena potsika, osati atakhala kale pansanja. Mlimi wa ku Mitundu safunikira chitsulo chogula kunja, koma phunziro la anthu amenewo limamukhudza.

Chokwerera chabwino chiyenera kukhala chopepuka ndi cholimba nthaŵi imodzi. Chikalemera, mwini wake amachisiya kunyumba tsiku limene ming'oma ili kutali, ndipo tsiku limenelo ndilo amakwera ndi manja okha kapena kutenga nkhwangwa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati munthu sangachisenze paphewa limodzi, dzanja lina litanyamula ndowa, ndiye kuti chalemera.

Nsungwi ndiyo imakwanitsa zonse ziŵiri. Ikhale yokhwima, ya zaka 3 kapena kuposerapo, yodulidwa m'chilimwe pamene mulibe madzi ambiri, pakuti yanthete ndi yodulidwa m'dzinja sichedwa kufumbwa. Ikaumitsidwa pamthunzi kapena patsindwi la khichini pamene utsi umaipeza, imakhalitsa. Bulugamu woonda wouma bwino amagwiranso ntchito, ngakhale amalemererapo. Muŵanga ndi wolimba kopambana koma ngwolemera kusenza, ndipo mitengo yofeŵa monga mkuyu siyenera kudaliridwa konse. Mitengo yonseyi idulidwe pa munda kapena m'nkhalango ya m'mudzi mwachilolezo, osati m'nkhalango ya boma.

Kapangidwe kake kali mitundu itatu. Woyamba ndi mlongoti umodzi wosiyidwa ziphanda zake kuti zikhale popondera. Ndi wopepuka kuposa yonse, koma umapotoloka ngati sunamangiriridwe ku thunthu. Wachiŵiri ndi makwerero a nsungwi ziŵiri ndi timitengo topingasa, otalika mamita 3 kapena 4. Awa ndiwo abwino kwa wotsitsa mng'oma wolemera. Wachitatu ndi tizigawo tatifupi tomangirira ku thunthu kamodzi pamwamba pa kanzake, monga amachitira a ku America; timathandiza pa mtengo wowongoka wopanda nthambi zam'munsi. M'madera a m'chigwa ofula njuchi amakhomera zikhomo m'milambe, koma mitengo ya miombo ndi youma thupi, ndipo bala la chikhomo limaloŵetsa chiswe ndi kuola.

Popondera pakhale potalikirana mofanana, masentimita 30 mpaka 40. Chifukwa chake nchakuti njuchi zimafulidwa kaŵirikaŵiri madzulo kapena usiku, ndipo phazi la munthu wotsika mumdima silipenya, limangokumbukira. Pakakhala popondera pamodzi potalikirapo, phazi limaponda mphepo. Misomali imang'amba nsungwi, choncho ndi bwino kusema kamphako kakang'ono pafupi ndi mfundo ndi kumangapo ndi chingwe. Luzi lonyikidwa m'madzi limagwira zolimba likauma, koma limatha msanga ndipo liyenera kusinthidwa nyengo iliyonse. Mphira za machubu zimatamuka zikalemedwa, motero sizoyenera pa ntchito imeneyi.

Asananyamuke, wofula njuchi ayese chokwerera chake pabwalo. Achigoneke pa miyala iŵiri, aime pakati pake ndi kudzigwedeza pang'ono. Achigogode ndi mpeni kumvetsera ngati chikulira ngati chong'aluka. Ayang'anenso timabowo totuluka ufa, pakuti nsungwi yofumbwa imaoneka yamphumphu kunja pamene mkati mwatha. Kuthyokera pabwalo nkuseka chabe; kuthyokera pa mamita 4 ndi maliro kapena kupuwala kwa moyo wonse.

Akafika pamtengo, ayambe wauyang'ana mtengowo. Wouma, wamphanga m'tsinde, wokutidwa ndi chiswe kapena woŵaulidwa ndi moto sukweredwa. Makwerero aimikidwe panthaka yolimba, miyendo yake ikumbiridwe pang'ono, ndipo akhale opendekeka moyenera: pa mamita 4 aliwonse a kutalika, tsinde lake litalikirane ndi thunthu mita imodzi. Akaimikidwa chilili amagwera chagada. Akagonekedwa kwambiri amaterereka kapena kuthyoka pakati. Mutu wake umangiriridwe ku thunthu munthu asanayambe ntchito ina iliyonse.

Pokwera, manja onse aŵiri akhale opanda kanthu. Ndowa, mpeni ndi muuni wa utsi zitsale pansi, zidzakokedwe ndi chingwe wokwerayo atakhazikika. Pa ziŵalo zinayi, manja ndi mapazi, zitatu zikhale zogwira nthaŵi zonse, chimodzi chokha ndicho chisunthe. Akafika pamwamba adzimange m'chiuno ndi chingwe cholimba chozungulira thunthu, osati nthambi. Chingwe chimenechi ena amachiyesa chamantha, koma munthu amene njuchi zamuluma kumaso amasiya zonse ndi kugwira nkhope asanaganize, ndipo pamenepo chingwe ndicho chimamuganizira. Mvula ikagwa khungwa limaterera, ndipo wolaŵako kachasu asayandikire makwerero. Munthu asapite yekha. Mnzake wapansi amagwira makwerero, amalandira ndowa, amazimitsa muuni kuti usayatse tchire, ndipo pakagwa ngozi ndiye wothamangira kumudzi. Wogwa amene akumva kuŵaŵa msana kapena khosi asakhazikidwe tsonga kapena kukwezedwa panjinga. Anyamulidwe atagona pa chitseko kapena thabwa mpaka kuchipatala.

Kutsika ndiko kumafuna nzeru zoposa. Pa nthaŵiyo thupi latopa, manja ali noninoni ndi uchi, utsi uli m'maso, ndipo mtima uli kale kunyumba. Uchi utsitsidwe poyamba ndi chingwe, manja apukutidwe, kenaka munthu atsike atayang'ana mtengo, pang'onopang'ono, osalumpha popondera pomaliza.

Ku Niassa m'dziko la Mozambique, Ayao ofula njuchi amayenda ndi mbalame ya nsadzu. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, adaonetsa kuti munthu akaiitana ndi kulira kwake kozoloŵereka, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 mwa maulendo 100 aliwonse. Mbalameyo imatsogolera, munthu amatenga uchi, iyo nkudya phula. Koma ubale wotere umafuna kuti mitengo ya mphanga ikhalepo, ndipo wokwera ndiye amaisiya ili chiimire. Amene ali ndi ming'oma yamakono yopachika m'munsi pa mawaya sakwera kaŵirikaŵiri, ndipo alangizi a zankhalango angathe kufotokoza za kapangidwe kake ndiponso za chilolezo chopachika ming'oma m'nkhalango ya boma. Safunsa adadya phula.

Makolo adati mtengo usamakoma pokwera pokha. Iwo ankanena za munthu woiŵala amene adamthandiza, koma mawuwo akukwanira bwino wofula njuchi. Mtengo umene wamupatsa uchi ausiye wamoyo, ndipo iye mwini atsike ndi miyendo yake iŵiri, kuti chaka chamaŵa onse aŵiri adzakumanenso.